Gitala yothawa tchuni: mlandu wa masipuling'i ndi uti, wongowanamizira ndi uti

Mu Okutobala chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo, mnyamata wina woimba lead pa tchalitchi china ku Mchini anafika pakhomo panga gitala ili kumsana, thukuta lili kamukamu. Mpando sanaudikire n'komwe.

"Amalume, gitala iyi yalowa chiwanda. Ndikatchuna nsambo yoyamba, yaikulu yatsika. Ndikakweza yaikuluyo, zapakati zathawa. Kuyambira dzulo ndikungozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi yapachikhomo, chonsecho mawa kuli ukwati."

Nditaitulutsa m'chikwama, vuto ndinaliona ndisanaiyimbe. Bridge, chitsulo chomwe nsambo zimamangidwapo pathupi la gitala, inali itadzuka kumbuyo ngati mchira wa chinkhanira, moti chala changa chaching'ono chinkalowa pansi pake. Ndinamufunsa za nsambo. Anati mkulu wake anamutumizira paketi kuchokera ku Lusaka, yolembedwa 11, nambala yosonyeza kunenepa kwa nsambo yaing'ono kwambiri. Zomwe anachotsa zinali za 9.

"Mphwanga, chiwanda palibe apa. Wawonjezera katundu wa makilogalamu pafupifupi 15, koma onyamula sunawauze."

Tsiku limenelo masipuling'i, aja a kumsana kwa gitala okoka bridge, analidi pakati pa nkhani. Koma ndakonza magitala ambiri muno mu Chipata, a m'matchalitchi, a m'mabandi a maukwati, ena ochokera ku Katete ndi ku Chadiza, ndipo kawirikawiri mwini gitala amabwera ataweruza kale kuti masipuling'i atha, agule ena. Tikayang'ana bwino timapeza kuti wolakwa ndi wina. Sipuling'i ya chitsulo imakhala zaka zambirimbiri ikugwira ntchito yake. Ndiye musanatume munthu ku Lusaka kapena kuwoloka pa Mwami kukafuna atsopano ku Lilongwe, yambani mwadziwa chomwe chikuchitika kumsana kwa gitala yanu.

KUSERI KWA CHIVUNDIKIRO

Tembenuzani gitala. Ngati ili ya maonekedwe a Stratocaster, kaya ndi Fender yeniyeni, kaya Squier, kaya Yamaha Pacifica, kaya izi zopanda dzina zomwe zadzaza m'matchalitchi kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, kumsana kwake kuli chivundikiro cha pulasitiki. Mukachichotsa muona buloko ya chitsulo yolendewera pansi pa bridge, momwe nsambo zimalowera. Muonanso masipuling'i, kawirikawiri atatu ngakhale malo alipo a asanu, ndi kachitsulo ka mano asanu komwe amakolekedwa. Eni ake amati claw. Ine ndimangoti chipeso, ndipo anyamata obwera kwa ine anazolowera kutero. Chipesocho chimagwidwa ndi masikuluwu awiri aatali olowa m'thabwa, kuloza kukhosi.

Kapangidwe kameneka, kotchedwa tremolo, ndi ka Leo Fender, woyambitsa kampani ya Fender, ndi anzake, kanatuluka pamodzi ndi Stratocaster mu 1954 ku Fullerton, California, ndipo opanga magitala otchipa akukoperabe komweko mpaka lero.

Nsambo zimakoka bridge kuti igwere kutsogolo. Masipuling'i amakoka buloko kuti bridge ibwerere. Pomwe mbali ziwirizi zalingana mphamvu, bridge imaima pomwepo. Mukaona mavenda ogula nshawa ndi soya m'mbali mwa msewu akupachika thumba pa sikelo yawo ija ya ngowe, mkati mwake muli sipuling'i: thumba likalemera imatamuka, likapepuka imabwerera. Gitala yanu ndi sikelo yoteroyo, ndipo nsambo zonse 6 zapachikidwa pa ngowe imodzi.

Katundu wake si wamasewera. Pa Stratocaster, pomwe nsambo imatalika mamilimita 648 kuchokera pa nut, kafupa ka kumutu kwa gitala, kufika pa bridge, paketi ya 9 mpaka 42 imakoka ngati makilogalamu pafupifupi 38. Ya 10 mpaka 46 imafika cha m'ma 46. Ya 11 mpaka 49 imafika cha m'ma 53, thumba lathunthu la feteleza ndi kapamwamba. Masipuling'i safunika kukoka mphamvu yonseyo, poti buloko ndi yaitali ndipo imawapepukitsira ntchito ngati momwe chitsulo chachitali chimathandizira pozula mwala. Komabe katundu akasintha, sikelo imasuntha.

N'chifukwa chake mukakweza nsambo imodzi, bridge imapendekera kutsogolo pang'ono ndipo zina zisanu zimakhwefuka. Nsambo imodzi ikaduka pakati pa nyimbo, masipuling'i amapambana, bridge imabwerera m'mbuyo, zotsalazo zonse zimakwera mawu nthawi imodzi, woimba kiyibodi n'kukuyang'anani ndi diso lija. Gitala siyinawonongeke ayi. Bridge yoyandama imatero, ngakhale pa gitala yodula kwambiri.

MUSANAGWIRE SIKULUDIRAIVA

Tchunani gitala bwinobwino, ndi tuner, choyezera mawu a nsambo, ngakhale ya pafoni ngati mulibe ina. Kanikizani pansi handulo ya tremolo, kachitsulo kopindika ka pa bridge kotsitsira ndi kukwezera mawu, muisiye, muyeze nsambo zonse imodziimodzi. Mayeso amenewa ndi omwe amandiuza kolowera, ndipo satha ngakhale mphindi ziwiri.

Ngati nsambo imodzi kapena ziwiri zokha zasuntha, makamaka yachitatu ija ya G, ndipo zakwera mawu, masipuling'i asiyeni. Sipuling'i siyingasankhe nsambo imodzi, imakoka zonse pamodzi. Vuto lili kumutu, pa nut, kafupa koyera kaja komwe nsambo zimadutsa popita ku makiyi. Mutakanikiza handulo nsambo inakhwefuka n'kutsetserekera kumutu. Pobwerera inakanirira mu mpata wake, ndiye mbali yomwe mumaimbayi yatsala yokungika kuposa kale. Ikokeni pang'ono ndi chala, mudzaona yabwerera pamalo. Chizindikiro china: mukamapotoza kiyi, mawu sakusintha, kenaka mukumva "ting" n'kudumpha. Imeneyo ndi nut ikuluma nsambo.

Ngati zonse 6 zasunthira mbali imodzi, zonse zatsika kapena zonse zakwera, ndiye kuti bridge siyikubwerera pomwe inachoka. Kokani handulo m'mwamba pang'ono, muisiye, muyezenso. Zikasinthanso zonse pamodzi, pali chomwe chikukhula pomwe bridge imapendekera. Apa masipuling'i angakhale nawo mbali, koma oyamba kufunsidwa ndi masikuluwu akutsogolo kwa bridge.

Ngati handulo simuigwira n'komwe koma mawu akungotsika pang'onopang'ono nyimbo ili mkati, yang'anani nsambo zatsopano zomwe sizinakokedwe kuti zikhazikike, kapena zokulungidwa mwachisawawa pa makiyi. Ndaonapo kiyi itakulungidwa nsambo yonse yotsala, mulu ngati ulusi wa telala, ati kusungira tsiku lomwe idzaduke. Ndimamvetsa, nsambo kuno sizipezeka pa kantini iliyonse. Koma mulu umenewo umatereraterera. Pa nsambo zazikulu kukulunga kawiri kapena katatu n'kokwanira, pa zazing'ono kanayi kapena kasanu, mizere yotsika pansi mwadongosolo, yosakwerana.

Palinso dzuwa. Gitala yomwe yabwera pamwamba pa katundu mu Canter yopanda denga kuchokera ku Kapata mpaka kumudzi kuli msonkhano, musaitchune itangotsika. Isiyeni pamthunzi izizire, apo ayi mudzatchuna kawiri. Mvula ikayamba mu Novembala thabwa la khosi limamwa chinyezi n'kusuntha pang'ono, ndipo nalonso limasintha msinkhu wa nsambo. Zonsezi masipuling'i sakuzidziwa.

NUT NDI MASIKULUWU AKUTSOGOLO

Mankhwala a nut ali m'chikwama cha mwana wasukulu. Khwefulani nsambo, muitukule, mulembelembe ndi pensulo yosongoka mkati mwa mpata mpaka mude. Mtima wa pensulo ndi woterera ndipo sugwira fumbi. Pansi pa kachitsulo kaja kopanikiza nsambo ziwiri zoyamba kumutu pakani Vaseline pang'ono kwambiri, wongokwana pansonga ya kamtengo ka machesi. Mafuta ophikira ayi. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala likakumana ndi saladi limasanduka phala, kenaka guluu.

Ngati mwaika nsambo zonenepa kuposa zomwe gitala inabwera nazo, pensulo yokha siyikwanira, mpata wachepa. Pindani sandipepala wosalala kwambiri, mukhule m'mbali mwa mpatawo, kawiri katatu, n'kuyesa. M'mbali mokha. Mukakumba pansi nsambo idzagona pa fureti yoyamba, kachitsulo kopingasa ka pakhosi la gitala, n'kumalira ngati njuchi, ndipo chomwe mwachotsa sichibwerera.

Tsopano masikuluwu 6 ali kutsogolo kwa bridge. Anthu ambiri akawaona atatukuka pang'ono amaganiza kuti amasuka, n'kuwamanga gwa. Pamenepo ndiye mwaipha tremolo. Bridge imafuna mpata wopendekera, ndipo mutu wa sikuluwu ukaipanikiza, imakanirira popita ndi pobwera. Njira ya Fender yomwe ndimatsata ndi iyi: bridge itagona pathupi la gitala, masulani onse 6 mpaka mitu itukuke mamilimita 1.6, kenaka tsitsani awiri a m'mphepete mpaka angokhudza chitsulo, osapanikiza. Anayi apakati akhale choncho otukuka. Dontho laling'ono la oyilo wa makina osokera pansi pa mutu uliwonse, mwatha.

Magitala ena ali ndi zipilala ziwiri zokha m'malo mwa masikuluwu 6, ndipo bridge imatsamira pa izo ndi m'mphepete mwakuthwa ngati mpeni. Pa otchipa chitsulocho n'chofewa, chimabuntha kapena kukumbika, ndiye bridge imaima malo awiri osiyana malinga ndi komwe yachokera. Kubuntha kukakhala kochepa, oyilo amathandiza. Kukakhala kwakukulu, ine sindinamiza munthu: igonekeni bridge pathupi monga ndifotokozere kutsogoloku, kapena funani ina. Ndipo zipilalazo musazipotoze nsambo zili zokungika, ndi momwe mpeniwo umathera.

Mukadali kumsana komweko, onani ngati sipuling'i ina ikukhula thabwa kapena chivundikiro, ndiponso ngati ngowe zake zalowa mokwanira m'mabowo a buloko. Chotsani fumbi ndi zina zomwe mupezemo. Ine ndinapezamo kale mazira a mphemvu, gitala ya kwaya yosungidwa m'kabati ya ku vestry. Dzimbiri lapamwamba silivuta, pukutani ndi kansalu ka oyilo. Sipuling'i yoyenera kutaya ndi yomwe mwaichotsa koma mizere yake yatsala yotakasuka osabwererana, kapena ngowe yake yawongoka.

KUBWEZA SIKELO PAMALO

Apa ndi pomwe masipuling'i amakhala nkhani yeniyeni: mwasintha nambala ya nsambo, mwatsitsa tchuni yonse kuti woimba mawu asavutike, kapena mwasakaniza nsambo za mapaketi osiyana. Chomalizachi ndicho chofala kwathu kuno. Yaduka yachiwiri, mwaika yomwe mnzanu anali nayo, yaduka yachinayi, mwaika ya gitala ya bokosi. Pakatha miyezi itatu katundu wapasikelo sakudziwika ndi munthu aliyense.

Bridge ikadzuka kwambiri, masikuluwu awiri a chipeso alowe mkati. Ikagona pansi pomwe inu mumafuna iyandame, atuluke. Fender amanena mpata wa mamilimita pafupifupi 3 pakati pa kumbuyo kwa bridge ndi thupi la gitala. Kuvuta kwake n'kwakuti mukamanga chipeso mawu amakwera, mukatsitsa mawu bridge imasunthanso, ndiye mumangobwerezabwereza: theka la kuzungulira pa sikuluwu iliyonse, kutchuna zonse, kuyang'ana mpata, kubwerezanso. Zimatheka, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene ali ndi ukwati mawa sadekha.

Njira yachidule ndi ya kathabwa. Semani kachidutswa ka thabwa kokhala ngati mphero, kopyapyala mbali imodzi. Kalowetseni pakati pa buloko ndi khoma lakumbuyo kwa dzenjelo, mbali yomwe kulibe masipuling'i, mpaka bridge iime pa mpata womwe mukufuna. Masulani chipeso pang'ono kuti nsambo zipambane ndipo buloko ikanikize kathabwako. Tsopano bridge siyingasunthe, ndiye tchunani momasuka ngati gitala wamba, kokani nsambo zatsopano ndi dzanja, tchunaninso mpaka zikhazikike. Kenaka yambani kumanga masikuluwu a chipeso mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Nthawi idzafika pomwe kathabwa kadzangomasuka kokha n'kugwa. Imani pomwepo. Masipuling'i alandira katundu yense pamalo enieniwo, ndipo tuner idzakuonetsani kuti mwatsala pang'ono chabe.

Mukasintha msinkhu wa bridge, msinkhu wa nsambo pamwamba pa mafureti umasinthanso, choncho yesani pa fureti ya 12 ngati mawu akugwirizana ndi a nsambo yosagwira. Ndipo pochotsa kapena kuwonjezera sipuling'i, yambani mwakhwefula nsambo ndi chipeso, nkhope ili kumbali. Ndili ndi chipsera pachala cha sipuling'i yomwe ndinaikoka ndi pulayala mwamatama.

Vuto lina limabwera mwakachetechete. Mwakonza bwino, patatha milungu iwiri bridge yadzukanso, mwamanga, yadzukanso. Mwini gitala amati masipuling'i atopa. Tengani pensulo mulembe mzere pathabwa pomwe chipeso chalekezera, mudikire masiku angapo. Chipeso chikadutsa mzerewo kulowera ku buloko, masikuluwu akuzuka. Thabwa la magitala otchipa n'lofewa, ndipo bowo likapotozedwa kambirimbiri limalekerera. Chotsani sikuluwuyo, dzazani bowo ndi timitengo ta machesi topanda mitu toviika mu guluu wa akalipentala, musiye usiku wonse, mawa mubwezere. Musaike sikuluwu yaitali kwambiri poganiza kuti igwira bwino, ingatulukire m'dzenje la ma pickup, maginito otola mawu a nsambo.

ATATU, ANAYI KAPENA ASANU, NDI NKHANI YA KALILIDWE

Pano pali chinthu chomwe anthu ambiri amachimva mozondoka. Bridge ikamayandama pa msinkhu umodzimodzi ndi nsambo zomwezo, masipuling'i atatu ndi asanu amakoka mphamvu yofanana. Akanapanda kutero bridge siyikanaima pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti atatu amakhala otamuka kwambiri aliyense, asanu otamuka pang'ono, ndipo asanu amakana kusuntha kuposa atatu. Kuti bridge isunthe milimita imodzi muyenera kutamula asanu nthawi imodzi.

Zimenezi mumazimva m'zala. Pa atatu handulo ndi yofewa, yokoma kugwedeza. Koma mukakankha nsambo ya G m'mwamba kuti mawu akwere, bridge imakutsatirani, ndiye muyenera kukankha patali kuti mufike, ndipo nsambo ina yomwe mwaigwira pamodzi imatsika mawu. Oimba sebene amene amakonda kuliza nsambo ziwiri pamodzi kumunsi kwa khosi amadziwa kuwawa kwake: imodzi ili bwino, inzake yapotoka. Ngakhale kutsamiritsa dzanja pa bridge pofuna kuziziritsa mawu kumakweza tchuni yonse. Pa anayi kapena asanu zonsezi zimachepa, koma handulo imafuna mkono.

Musathamangire asanu ngati nsambo zanu zili za 9. Katundu ndi wochepa, masipuling'i satamuka mokwanira, ena amangolendewera n'kumachita phokoso, ndipo mukakoka handulo m'mwamba imodzi ingathe kuvuka. Kwa ine 9 ndi atatu, 10 ndi atatu kapena anayi, 11 ndi anayi kapena asanu. Katswiri wa gitala Stevie Ray Vaughan ankaika asanu, koma nsambo zake zinkayambira pa 13, zomwe zala zambiri za mu Chipata muno sizingapirire ulaliki ndi nyimbo za maola atatu. Za kuika atatu mopendeketsa, awiri a m'mphepete kukumana pakati pa chipeso, ena amalumbirira kuti ndiye chinsinsi. Chomwe chimachitika n'chakuti awiriwo amatamuka kuposa wapakati. Ine ndimaika owongoka, kuti aliyense anyamule gawo lofanana.

Nanga kalilidwe? Zimitsani ampu, lizani chord mwamphamvu, mugwire nsambo zonse mwadzidzidzi, khutu lili pafupi ndi msana wa gitala. Mumva kulira kwina kukupitirira, ngati munthu waomba m'manja m'tanki yopanda madzi. Amenewo ndi masipuling'i. Nsambo zimagwedeza buloko, buloko imagwedeza iwo, ndipo aliyense ali ndi mawu ake omwe amayankha. Ena amati kamphepo kameneka ndi mbali ya kukoma kwa Stratocaster, ndipo pa mawu oyera, m'chipinda chabata, ndimagwirizana nawo. Koma mukatsegula distortion, mawu okhadzula aja a pa ampu, kapena pamalo pomwe bandi yonse imaima mwadzidzidzi kuti ng'oma iyankhe, kuliraku kumadutsa mu pickup n'kumveka ngati mluzu wotsalira. Nthawi zina noti imodzi yokha ndi yomwe imakudzutsa, ndipo munthu amasokonezeka n'kuyamba kusula mafureti osalakwa.

Kuyesa kwake n'kosavuta: gwirani masipuling'i ndi chikhatho, mulizenso. Phokoso likatha, mwamupeza. Dulani kasiponji kofewa ka matiresi akale, mulowetse kachingwe kake mkati mwa sipuling'i iliyonse, kapena muike kachidutswa kopyapyala pakati pa masipuling'i ndi thabwa. Mphira wa chubu cha njinga nawonso umagwira, ndipo mu mzinda wa njinga ngati uno susowa. Chachikulu, chisapanikize. Mukadzaza dzenje lonse ndi nsanza, mwathetsa phokoso koma mwabweretsa vuto la bridge yosabwerera.

Bridge yogona pathupi, masipuling'i ataikokera pansi zolimba, m'makutu mwanga imamveka yolemererako ndipo noti imayamba molimba, chifukwa mphamvu ya nsambo siyikutayikira pogwedeza sikelo. Yoyandama imamveka yofewa poyambira. Buloko nayo ili ndi mbali yake: ya Fender yakale inali ya chitsulo cholemera, pomwe magitala otchipa ambiri ali ndi yopyapyala ya zinki, yomwenso imakonda kung'aluka pabowo la handulo. Koma tinene zoona. Kusiyana konseku n'kochepa poyerekeza ndi nsambo zatsopano, msinkhu wa pickup kapena ampu. Ndamvapo anyamata akutsutsana za masipuling'i odula omwe anaona pa YouTube, gitala yawo ili ndi nsambo za chaka chatha zakuda bii, ikudutsa mu mixer ya tchalitchi ndi sipikala yong'ambika. Ndalama imeneyo gulani mapaketi awiri a nsambo.

Kanthu kena kakang'ono: handulo yogwedera m'bowo mwake imachititsa munthu kuganiza kuti tremolo yonse yatha. Magitala ena a Fender ali ndi kasipuling'i kakang'ono pansi pa bowolo, ndipo kamagwa mukachotsa handulo n'kutembenuza gitala. Ngati kulibe, kulungani tepi yoyera ya mapulambala pa mazinga a handulo. Osaimanga mpaka kumapeto mwamphamvu, ndi momwe buloko ya zinki imang'alukira.

KAWAYA KA PA CHIPESO

Pa chipeso pali kawaya kowotchereredwa komwe kamalowa m'thupi la gitala. Kameneko kamalumikiza nsambo ndi earth kudzera m'masipuling'i ndi buloko. Mukamasuntha chipeso kamatha kuduka, ndipo gitala imayamba kung'ung'uza. Gwirani nsambo: phokoso likapanda kuchepa, koma n'kuchepa mukagwira chitsulo cha jack, polowera chingwe cha ampu, ndi kawaya kameneko. Palani chipeso chiwale musanawotcherere, ndipo mupeze chowotcherera chotentha bwino chifukwa chitsulocho chimamwa moto. Okonza mawailesi ndi ma TV amachita zimenezi mosavuta. Koma ngati nsambo zikukugwirani ndi magetsi, kapena maikolofoni ikuluma milomo pomwe mwagwira gitala, makamaka pa jenereta, zimitsani zonse. Vuto lili ku ampu kapena ku mawaya a magetsi, ndipo limapha.

A FLOYD ROSE

Magitala ena a Ibanez ndi Jackson ofika kuno kudzera kwa abale a ku Johannesburg ali ndi tremolo ya mtundu wa Floyd Rose, yomwe inatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nsambo imamangidwa mbali zonse ziwiri, pa nut ndi pa bridge, ndiye vuto la nut yoluma palibe. Sikelo ndi yomweija, kungoti ndi yamanyazi kwambiri. Pa ambiri mwa amenewa chitsulo cha bridge chiyenera kugona mofanana ndi thupi la gitala, osapendekera uku kapena uko. Njira ya kathabwa imagwira chimodzimodzi. Tchunani nut ili yomasula, timakiyi tating'ono ta pa bridge tili pakatikati, kenaka mumange. Sinthani nsambo imodziimodzi, ndipo Allen key yake, ya mamilimita 3 pa Floyd Rose yeniyeni, isamachoke m'chikwama. Popanda iyo nsambo ikaduka ku Petauke mwaimba mwatha.

ZOMWE NDIMALANGIZA AMBIRI

Ndimafunsa funso limodzi: handulo yanu ili kuti? Ambiri amaseka, ati inasowa kalekale, kapena gitala inabwera yopanda. Ndiye bridge ikuyandamiranji? Mukulipira msonkho wa chinthu chomwe simugwiritsa ntchito.

Mangani chipeso mpaka bridge igone pathupi, muwonjezere pang'ono kuti mukakankha nsambo m'mwamba isadzuke. Yesani ndi tuner: lizani E yaikulu, kankhani G, E isasunthe. Mukatero handulo ikhoza kutsitsabe mawu, koma siyingawakweze, nsambo ikaduka zina zimakhala pamalo, ndipo mungatsitse E kupita pa D popanda kusokoneza zinzake. Katswiri wa gitala Eddie Van Halen, ngakhale ankaigwiritsa ntchito handulo mwaukali, Floyd Rose yake inkagona pathupi chomwechi. Ofuna kutsekeratu amaika thabwa lolimba kumbuyo kwa buloko. Katswiri wina, Eric Clapton, amatero, moti Stratocaster ya dzina lake yomwe Fender anayamba kugulitsa mu 1988 imabwera ndi kathabwako kuchokera ku fakitale. Kachidutswa ka mlombwa kotsala kwa kalipentala aliyense kamakwana, kongofunika kukasema kuti kalowe mothina popanda guluu, kuti tsiku lina mudzathe kukachotsa.

Mnyamata wa ku Mchini uja tinachita zomwezo. Ndinatenga sipuling'i yachinayi m'chitini changa cha zotsala za magitala akufa, tinakulitsa mipata ya nut kuti 11 idutse, bridge tinaigoneka, ndipo ukwati anaimba. Mu Febuluwale, kutatsala mlungu umodzi kuti anthu apite ku Mtenguleni ku Nc'wala, anabweranso, handulo yatsopano ili m'thumba la malaya.

"Amalume, ndikufuna iziyandamanso. Pali kena kake ndikufuna kuphunzira, komanso 11 uja wandimaliza zala."

Tinaika 10, tinasiya masipuling'i atatu, mpata mamilimita 3, kathabwa kanagwa kokha monga mwa nthawi zonse. Ndinamuuza kuti akagule mapaketi awiri a nambala yomweyo, imodzi izikhala m'chikwama, ndipo ndinalemba mzere wa pensulo pomwe chipeso chinalekezera. Anadutsa pano mwezi watha kudzabwereka Allen key ya mnzake, ndinatsegula kumsana, chipeso chikadali pamzere.